Kodi nsomba za m'nyanja ya mchere sizingathe?

Pa msika wa Kapata muno mu Chipata ndamvapo kangapo anthu akuti, "Zimene zimatha ndi kapenta ndi matemba a kuno. Za m'nyanja ya mchere sizingathe, madziwo alibe malire." Amalankhula choncho akusankha makerele ozizira m'katoni, madzi akuchucha m'zala.

Pamenepa timadzinamiza. Nsomba sizili ponseponse m'nyanjamo. Zimaunjikana malo ochepa pomwe pali chakudya, kawirikawiri kufupi ndi gombe, ndipo sitima zikuluzikulu zimadziwa malowo. Zili ndi makina oonera pansi pa madzi, makoka ake ndi aakulu zoopsa, ndipo zimakokolola ndi zazing'ono zomwe, zisanaikire mazira n'komwe.

Ku Canada asodzi anagwira nsomba ya cod kwa zaka mazana ambiri. Mu 1992 boma linatseka usodziwo ku Newfoundland chifukwa nsombayo inali itatsala pang'ono kutheratu, ndipo anthu pafupifupi 30,000 ntchito inawathera pomwepo. Musati n'zakutali. Namibia, komwe kumachokera makerele ambiri amene timadya kuno, inaletsa kugwira pilchard mu 2018 pa chifukwa chomwechi.

Ife a kumtunda tikudziwa kale mankhwala ake, kungoti timadandaula nawo. Chaka chilichonse boma la Zambia limatseka usodzi m'madzi ambiri kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale kuti nsomba ziswane. Kunyanja ya mcherenso amatseka nyengo, n'kuika malire a matani oti kampani iliyonse igwire.