Dzombe: ndiwo kwa ena, mliri kwa ena

Chiyambire 2020, pamene dzombe linatera ku Chiredzi ndipo FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, lomwe ofesi yake ya chigawo chino ili kuno ku Harare, linayamba kuthandiza Botswana, Namibia, Zambia ndi Zimbabwe, nkhani yopopera mankhwala sinazizire pakati pa akwathu a ku Mbare ndi Mufakose. Akuluakulu amati dzombe ndi ndiwo: kulifutsa, kuyanika, kuthothola mapiko, kukazinga ndi kamchere, nsima n'kutsetsereka. Alangizi amati lopoperedwa musalikhudze n'komwe. Mkanganowu mizu yake ili kutali, m'madambo.

La 2020 linali mtundu wina. Lomwe linasautsa makolo athu ndi dzombe lofiira, lija la mapiko am'kati ofiirira. Mliri wake unayamba cha m'ma 1930 n'kutha cha m'ma 1944, utakuta pafupifupi dera lonse la kumwera kwa Africa, Nyasaland (Malawi) ndi Southern Rhodesia (Zimbabwe) yomwe. Anthu ankaimba zitini, kufukiza utsi, kukumba maenje okwiriramo ana ake. Zinkathandiza munda umodzi, tsiku limodzi.

Zinthu zinatembenuka atazindikira komwe linkachokera. Kale mu 1921 katswiri wa tizilombo Boris Uvarov anali atanena kuti chiwala chokhala chokha ndi dzombe la m'chigulu ndi kachilombo kamodzi, kamangosintha mtundu ndi khalidwe kakathithikana. Ofufuza atalondola mliriwo chobwerera, anakafika malo awiri okha: madambo a Mweru wa Ntipa ku Zambia ndi chigwa cha Rukwa ku Tanzania.

Kumeneko zimayenda chonchi. Dzombe lofiira limaswana kamodzi pa chaka. Mvula yoyamba ikagwa, mu Novembala kapena Disembala, lalikazi limaboola dothi lonyowa n'kuikira mazira, ndipo pakatha mwezi amaswa. Ana ake alibe mapiko; amangodumpha m'udzu kwa miyezi iwiri, akufundula kasanu ndi kamodzi kapena kuposa. Pofika Malichi kapena Epulo amera mapiko, koma saswana mpaka dzinja lina. Ngozi ili m'chilimwe: anthu akatentha dambo, dzombe lonse limaunjikana m'tizigawo ta udzu tomwe moto wasiya. Likamakhudzana miyendo yakumbuyo, limayamba kufunana. Ofufuza dzombe la m'chipululu anasonyeza kuti kungolisisita mwendo wakumbuyo ndi kabulashi, m'maola awiri layamba kale kutsata anzake, ndipo mu 2009 anapeza kuti chomwe chimakwera m'thupi mwake ndi serotonin, mankhwala achilengedwe otumiza uthenga m'mitsempha. Ndiye mlenje wosaka mbewa ndi machesi amathandiza kumanga chigulu, iye osadziwa.

Choncho mu 1949 mayiko anasainirana pangano lokhazikitsa bungwe lolimbana ndi dzombe lofiira la International Red Locust Control Service, likulu lake ku Abercorn, komwe lero ndi Mbala ku Zambia. Mu 1970 linalowedwa m'malo ndi bungwe la ntchito yomweyo la IRLCO-CSA, lomwe tsopano lili ku Ndola ku Zambia komweko, ndipo Malawi ndi Zimbabwe onse ndi mamembala. Malipoti a atsamunda amachulutsa za ndege ndi migolo ya mankhwala. Za anthu akuda omwe ankayenda wapansi m'matope n'kumawerenga dzombe lovumbuluka m'udzu, amangodutsapo. Komatu ndege inkapita komwe iwo aloza.

Masiku ano amayang'aniranso madambo a Chilwa ndi Chiuta kwathu ku Malawi, Buzi-Gorongosa ku Mozambique ndi Kafue ku Zambia. Chiyambire 1944 mliri waukulu ngati uja sunabwerenso.

Pa mankhwala ndi pomwe akuluakulu aja ali ndi mfundo. Mankhwala otchedwa fenitrothion amapha msanga, koma sasankha: njuchi zimafa, nsomba za m'dambo zimakhudzidwa, ndipo dzombe lotoledwa pansi m'mawa mwake likhoza kulowa m'thumba n'kukafika pamsika, wogula osadziwa. Pali njira ina yogwiritsa ntchito nkhungu yotchedwa Metarhizium, yogulitsidwa ndi dzina loti Green Muscle, yomwe imagwira ziwala ndi dzombe basi. Anaipopera pa mahekitala pafupifupi 10,000 ku Iku-Katavi, Tanzania, mu 2009. Vuto lake n'kuchedwa: dzombe limatenga sabata imodzi mpaka atatu kuti life. Imagwira bwino pa ana odumpha ali kudambo, mu Januwale ndi Febuluwale. Chigulu chikatera kale pa mapira, mlimi sangadikire masabata amenewo, ndipo poizoni akapoperedwa amataya zonse ziwiri, gawo la mbewu ndi ndiwo zomwe zikanamupepesa.