Kusema: kuchokera pa mpini mpaka pa chinyau

Munthu akagwetsa mtengo timati wadula. Akaung'amba ndi nkhwangwa timati wawaza. Koma akayamba kuubenthula pang'onopang'ono, maso ali pa chinthu chimene akufuna kuti chituluke m'katimo, pamenepo ndiye akusema. Woumba mbiya akalakwitsa amakanyanso dothi lake. Wosema alibe mwayi wotero, chifukwa chibenthu chikagwa pansi chagwa basi.

Mbiri ya mawu akuti kusema siingalekanitsidwe ndi ya chitsulo. Ofukula zakale anapeza ku Nkope, m'boma la Mangochi, umboni wakuti anthu a m'mbali mwa nyanja ankadziwa kale za chitsulo zaka zoposa 1,500 zapitazo, ndipo Amaravi anadzatchuka ndi ng'anjo zawo. Kuchipala n'kumene kunkachokera nkhwangwa, sompho ndi kasemasema. Dzina la kasemasemayu langotengedwa ku ntchito yake. Komanso wosula ndi wosema ankadalirana: khasu lopanda mpini sililima.

Pamudzi kusema inali ntchito ya amuna, monga kuumba inali ya amayi, ngakhale zambiri zosemedwazo zinkathera m'manja mwa amayi omwewo: mtondo, munsi, mthiko, chipande. Onjezanipo ng'oma, bwato ndi bawo. Eni ntchito amasiyanitsa bwino magawo ake. Kunja kwa mtondo amasema, m'kati amagoba. Nsonga ya chikhomo amasongola, ndipo timizere tokongoletsa amazokota. Ife a m'tauni tangozimangira pamodzi zonsezi, chilichonse n'kumati kusema, ndipo chilankhulo chikusauka nazo. Kale mawuwa ankafika ngakhale m'kamwa: anthu ena ankasema mano kuti asongoke pofuna kukongola.

Amishoni atabwera, mawuwa anasenza katundu wina. M'Buku Lopatulika, pa Eksodo 20:4, muli lamulo lakuti "Usadzipangire iwe wekha fano losema," ndipo akhristu ambiri oyamba analimva ngati likuloza zigoba za Gule Wamkulu. Ku Mua, m'boma la Dedza, kumene ansembe a White Fathers anakhazikitsa mishoni mu 1902, mkangano wa mpingo ndi anyau unali waukulu m'zaka za m'ma 1920. Chodabwitsa n'chakuti ndi ku Mua komweko kumene bambo Claude Boucher, wansembe wochokera ku Canada amene anapatsidwa mfunda wa Chisale, anayambitsa malo a KuNgoni mu 1976 n'kumaphunzitsa achinyamata kusema. Lero nyumba yosungira zakale ya Chamare, ku Mua komweko, ili ndi zigoba mazanamazana, ndipo zosema za ku Mua zili m'matchalitchi ambiri. Mu 2005 bungwe la UNESCO linalengeza kuti Gule Wamkulu ndi chuma cha anthu a dziko lonse lapansi.

Masiku ano ukati wosema, ambiri amaganiza za ziboliboli: njovu, mvuu ndi mipando ya mafumu zimene zimandandalikidwa ku Senga Bay, ku Nkhata Bay kapena ku Lilongwe. Vuto lili pa mitengo. Phingo ndi mlombwa zimakula mochedwa ndipo zikusowa, moti ena amangosema mtengo wamba n'kuupaka polishi wa nsapato kuti ude ngati phingo. Wogula wanzeru amayamba wanyamula kaye, popeza phingo weniweni ndi wolemera.

Koma pamene mawuwa akumvekera kwambiri tsopano si pamsika wa ziboliboli ayi. Ndi m'nyuzipepala, pa wailesi ndi pabwalo la milandu. Wandale akamangidwa, omutsatira amati boma lamusemera chinyau. Wantchito akachotsedwa, amati anzake amusemera chinyau kwa abwana. Tanthauzo lake n'kumupekera munthu mlandu umene sanapalamule. Amene anayamba kunena choncho ankaudziwa mwambo. Chigoba chimasemedwa mobisa, kudambwe, kutali ndi maso a osavinidwa, ndipo chilombo chikatulukira pabwalo palibe amene amavomera kuti chachokera m'manja mwa munthu. Eni gule amati achivuula m'madzi. Mlandu wopeka umayendanso njira yomweyo. Amaukonza usiku anthu ochepa, mwakachetechete, mbali iyi n'kubenthula, mbali iyo n'kusalaza, mpaka ukwanire bwino pankhope ya amene akumufunayo.