Woledzera amene sakudzuka musamusiye kuti agone: mtengereni kuchipatala usiku womwewo

Uthenga uwu ukuchokera kwa ife azaumoyo kuno ku Lusaka. Ukupita kwa makolo, amayi apabanja, achinyamata, eni mabala ndi mashabini, komanso inu amene mumaperekera zakudya ndi zakumwa m'malesitilanti. Nyengo yozizira yafika, malipiro alowa, ndipo Loweruka lililonse kuli ukwati, chilanga mulilo kapena phwando lowotcha nyama. Masabata apitawa takhala tikulandira anthu amene mowa unawagwetsa usiku koma anafika kwa ife kunja kutayera. Ena tinawapulumutsa, ena anafika atatisiya kale. Tikafunsa abale, yankho ndi limodzi: "Timati agone kaye, mowa umuchoke."

Mayi wina anabwera m'bandakucha, amuna awo ali pa wilibala, anyamata awiri oyandikana nawo nyumba akukankha. Masanzi anali ataumira pakolala ya malaya, mapazi ali zii. Ndinafunsa kuti, "Mayi, bambowa anagwa nthawi yanji?" Anati anzawo anawabweretsa cha m'ma 10 koloko usiku, n'kuwagoneka chagada pasimenti pabalaza, iwo n'kuwafunditsa chitenje. "Ankaliza mkonono kwambiri, asisita, ndiye mtima wanga unakhala pansi. Ndinati agona bwino." Mayiwa sanachite mwankhanza, anachita zimene tonse tinakula tikuona. Koma mkonono uja unali wa lilime lomwe linagwera kukhosi n'kumatseka njira ya mpweya, ndipo masanzi ena anali atalowa kale m'mapapo.

Mowa umagonetsa ubongo pang'onopang'ono. Umayamba ndi mbali yoganiza, n'chifukwa chake munthu wamanyazi amayamba kulongolola. Kenako miyendo ndi lilime. Ukachuluka umafika pa mbali imene imayendetsa kupuma ndi kutsokomola, ndipo apa munthu akasanza satha kudzuka kapena kulavula. Dziwaninso kuti munthu akagwa, mowa umene uli m'mimba ndi m'matumbo umapitirizabe kulowa m'magazi. Amene mwamugoneka 10 koloko akhoza kukhala woledzera kwambiri pofika 12 koloko ngakhale sanamwenso kadontho. Chiwindi chikatanganidwa ndi mowa, shuga amatsika m'thupi, makamaka kwa amene anamwa osadya, ana, ndi odwala shuga. Mowa umapatsa munthu kumva kutentha pamene thupi likutaya kutenthako kudzera pakhungu. Mzinda wathu uli pamalo okwera mamita oposa 1,200, ndipo usiku wa June ndi July munthu wogona pasimenti kapena m'ngalande amazizidwa mpaka mtima kufooka. Palinso amene anagwa n'kumenyetsa mutu, kapena anamenyedwa kubala: magazi akuchucha mkati mwa mutu, abale akuti ndi mowa.

Kusiyanitsa wogona ndi wokomoka

Muitaneni dzina mokweza. Mugwedezeni paphewa. Mutsineni mwamphamvu. Wogona amadzuka, amang'ung'udza, mwinanso kukutukwanani. Akapanda kudzuka, kapena akangotsegula maso n'kubwereranso osayankha, ameneyo wakomoka. Yang'anani chifuwa chake ndipo werengani: ngati akupuma kosakwana kasanu ndi katatu pa mphindi imodzi, kapena akudukiza masekondi 10 osapuma, musadikire. N'chimodzimodzi ngati akusanza ali chikomokere, akugwedezeka ngati wakhunyu, milomo ndi zikhadabo zasintha mtundu, thupi lazizira ndi kunyowa, kapena ali ndi bala kapena chotupa kumutu. Chizindikiro chimodzi chokha n'chokwanira.

Pamene wina akufuna galimoto, mugonekeni cham'mbali, bondo lapamwamba litapindidwa kuti asagudubuzike, chibwano chitakwera pang'ono, pakamwa pataloza pansi kuti masanzi atuluke. Mufunditseni bulangete, pansi muyale kanthu. Pakhale munthu wosaledzera womuyang'anira mpaka mwafika. M'galimoto musamukhazike tsonga mutu uli pachifuwa, agonebe cham'mbali.

Musamumwetse mkaka. Ndikubwereza chifukwa ichi ndiye timachiona kawirikawiri: munthu wokomoka satha kumeza, ndipo mkaka, khofi, madzi kapena phala zimapita m'mapapo. Musamupise chala kukhosi. Musamuthire madzi ozizira, mukungomuwonjezera kuzizidwa. Musamukokere panja kuti ayendeyende. Palibe chimodzi mwa izi chimene chimachotsa mowa m'magazi. Ntchito imeneyo makamaka ndi ya chiwindi, ndipo chimagwira pa liwiro lake. Zipatala za Kanyama, Chawama, Matero, Chipata ndi Chilenje zimalandira odwala usiku wonse, chimodzimodzi zipatala zazikulu za UTH ndi Levy Mwanawasa. Pitani chimene chili pafupi. Odwala akafunika thandizo lalikulu, ife tidzawatumiza.

Kabotolo kakang'ono

Ambiri amawerenga mabotolo, osati mphamvu ya zimene zili mkatimo. Mowa wa m'botolo monga Mosi kapena Castle uli ndi mphamvu ya 4 kapena 5 peresenti. Vinyo amakhala pa 12 mpaka 14. Whisky, gin, vodka ndi brandy zimakhala cha pa 40. Azaumoyo timayeza ndi muyezo wa magalamu 10 a mowa weniweni, womwe ndi pafupifupi botolo laling'ono limodzi la mowa wamba, kapena vinyo wa mamililita 100, kapena toti imodzi ya mamililita 30. Chiwindi cha munthu wamkulu chimatha pafupifupi muyezo umodzi pa ola. Ndiye kabotolo ka mowa waukali ka mamililita 200 kaja kolowa m'thumba la thalauza kali ndi miyezo 6, ndipo mnyamata wa pa siteshoni amakamaliza asanatsike basi. Botolo la vinyo la mamililita 750 lili ndi miyezo 7 kapena 8. Amayi ambiri amati vinyo wotsekemera si mowa, n'kumagawana bokosi lonse awiri. Thupi la mkazi limaledzera msanga kuposa la mwamuna pa mlingo womwewo. Kachasu ndiye alibe n'cholemba chomwe, mphamvu yake imasintha m'phika uliwonse.

Boma linaletsa tujilijili mu 2012, koma mowa waukali wotchipa unangosamuka m'timapepala n'kulowa m'timabotolo. Kusakaniza ndi zakumwa zopatsa mphamvu kumabisa tulo tochenjeza, munthu amangomwabe mpaka kugwa mwadzidzidzi. Zakuti mowa umawononga chiwindi, umakweza BP, umayambitsa khansa ya kukhosi, ya m'matumbo ndi ya m'mawere, umavulaza mwana m'mimba, mwazimva kambiri ndipo n'zoona. Bungwe la WHO linanena kuti mu 2019 anthu pafupifupi 2.6 miliyoni anamwalira padziko lonse chifukwa cha mowa. Koma ambiri mwa matenda amenewa amatenga zaka. Munthu wogona chagada pabalaza uja ali ndi maola ochepa chabe.

Matsire osatha

Pali kuchedwa kwina kumene kukundidetsa nkhawa kwambiri. Ogulitsa ena osaopa Mulungu amathira methanol, mtundu wa sipiliti wapoizoni, mu mowa kuti uchuluke ndi kuluma, ndipo anthu ena amasungunula sipiliti uja wopukutira makina kometera tsitsi n'kumamwa. Methanol amaoneka, kununkha ndi kukoma ngati mowa wamba. Kuyatsa kadontho ndi machesi kuti muone lawi sikungakuuzeni kanthu. Choopsa chake n'chakuti sagwira nthawi yomweyo. Munthu amaledzera monga mwa masiku onse, amadzuka, mwina amapitanso kutchalitchi. Pakapita maola 12 mpaka 24, nthawi zina kuposerapo, chiwindi chimakhala chitasandutsa methanol uja kukhala asidi amene amawononga mitsempha ya maso ndi ubongo. Masupuni awiri a tiyi a methanol wosasungunula akhoza kuchititsa khungu, ndipo toti imodzi ikhoza kupha.

Mnyamata wina anamwa Loweruka n'kubwera Lolemba akugwiridwa dzanja ndi mlongo wake. Ankaphethira pafupipafupi, akutikita maso, akuti, "Ndikuona ngati muli utsi m'chipinda muno." Lamlungu lonse anakhala akusanza, m'mimba mukupota, akupuma mothamanga, pakhomo akuti ndi matsire, amwe madzi ambiri agone. Matsire amachepa tsiku likamapita. Matsire amene akukula, obwera ndi chifunga m'maso, kuwawidwa ndi kuwala, kupuma mozama ndi mothamanga, kapena kusokonezeka mutu, si matsire. Kuchipatala kuli mankhwala oletsa methanol kusanduka asidi, ochepetsa asidiyo m'magazi, ndipo zikavuta pali makina osefa magazi. Zonsezi zimathandiza maso asanafe; mtsempha wa diso ukafa sudzukanso. Mwina munamva kuti mowa wabwino umalimbana ndi methanol. Imeneyo ndi ntchito ya adokotala, yoyezedwa ndi kuyang'aniridwa. Musachedwe pakhomo mukumwetsa wodwala mowa wina. Ndipo ngati mmodzi wadwala, onse amene anamwa naye abwere, ngakhale akumva bwino.

Musaganize kuti izi n'zakomboni kokha. Ku Kabale m'dziko la Uganda anthu pafupifupi 80 anamwalira mu 2010 ndi mowa wa waragi wothiridwa methanol, koma mu November 2024 alendo 6 ochokera kumayiko olemera anamwaliranso ku Vang Vieng m'dziko la Laos atamwa zakumwa m'malo ochezera alendo. Botolo lokongola likhoza kudzazidwanso ndi zina.

Zikachitika zotere, pakhomo pamayamba mlandu: wamuthira ndani, anakhala ndi yani, ndi ndulu ya ng'ona. Ku Chitima m'chigawo cha Tete ku Mozambique, mu January 2015, anthu 75 anamwalira atamwa mowa wamasese pamaliro, ndipo mbiri inawanda kuti munathiridwa ndulu ya ng'ona. Atapima anapeza kuti inali poizoni yochokera ku tizilombo tomwe tinamera mu ufa wachimanga umene unanyowa. Ola limene mukukangana za wothira, kapena kupita kwa sing'anga, ndi ola limene wodwala akulitaya. Mlandu mudzaukamba mawa, iye ali pabedi lachipatala.

Inu a m'mabala ndi m'malesitilanti

Inu mumaona munthu akusintha ife tisanamuone. Kulandira bwino mlendo kumaphatikizapo kudziwa pomulekezera. Ikani madzi patebulo musanapemphedwe. Limbikitsani chakudya mowa usanayambe, chifukwa m'mimba mopanda kanthu mowa umathamangira m'magazi. Thirani ndi muyezo, osati ndi maso, ndipo musadzaze tambula ya vinyo isanathe, munthu amataya chiwerengero. Tsekulani botolo kasitomala akuona, yang'anani chotsekera ngati sichinaseweretsedwe, gulani kwa ogulitsa odziwika, ndipo katundu wotchipa modabwitsa mukaneni. Mabotolo otha a mowa waukali musagulitse kwa aliyense wobwera kukhomo lakumbuyo. Lamulo la dziko lino sililola kugulitsa mowa kwa wosakwana zaka 18, ngakhale atati watumidwa ndi abambo ake.

Lilime la kasitomala likayamba kulemera, mufikireni pambali mwaulemu, osati pamaso pa anzake: "Bwana, ndikubweretsereni madzi ndi kanyama kaye, zinazo tiona." Makiyi a galimoto asagwire. Koma pempho langa lalikulu ndi ili: amene wagwa musamukokere kuseri kwa bala kapena pakhonde kuti mutseke, musamusiye m'chimbudzi, ndipo musamuponye yekha kumbuyo kwa takisi kuti dalaivala akamutule pageti. Alonda ndi oyeretsa auzidwe kuti wogona patebulo amadzutsidwa, ndipo akapanda kudzuka amapita kuchipatala ndi munthu womuperekeza. Anzake omwa nawo, inunso: kumufikitsa pakhomo n'kuthawa mkwiyo wa alamu anu si kumuthandiza. Gogodani, nenani zimene wamwa ndi kuchuluka kwake.

Amene ali pa mankhwala asamale koposa. Mapiritsi ogonetsa ndi mankhwala achifuwa okhala ndi codeine akakumana ndi mowa amaimitsa kupuma. Mankhwala a TB ndi mowa zimalimbana pa chiwindi chimodzi. Flagyl ndi mowa sizimwedwa pamodzi. Panado wambiri wothetsera matsire amawononganso chiwindi. A ma ARV, musadumphe mankhwala chifukwa mwamwa. Bwerani tikambirane za mowawo. Ndipo amene wakhala akumwa tsiku lililonse kwa nthawi yaitali asasiye mwadzidzidzi ali yekha pakhomo. Kunjenjemera, thukuta, kuona zinthu zomwe palibe ndi kukomoka pakatha tsiku limodzi kapena atatu zikhoza kupha, ndipo si ziwanda. Yambirani kuchipatala chapafupi. Ku chipatala cha Chainama kulinso thandizo la ofuna kusiya mowa.

Ndikudziwa chimene chimakugwirani miyendo usiku. Manyazi kuti aneba aona, mantha kuti anamwino akukalipirani, ndalama ya takisi, mdima wa m'njira, mwinanso kutopa chifukwa si koyamba bambowo kubwera chonchi. Ena mumaopa kuti mwana wasukulu akapezeka ataledzera nkhani ifika kupolisi. Ife tikamafunsa kuti wamwa chiyani, tikufuna kudziwa mankhwala oti timupatse. Tiuzeni zoona: anayamba nthawi yanji, anamwa mtundu wanji, anagula kuti, anagwa kapena kumenyedwa, ali pa mankhwala anji, anamwa ndi anthu angati. Gogodani kwa aneba amene ali ndi galimoto ngakhale ndi 2 koloko usiku. Ponyamuka tengani bulangete, khadi lake lachipatala ngati lili pafupi, ndi botolo limene amamwa, ngakhale mwatsala madontho okha.