Kuyezetsa HIV: Chifukwa Chiyani Amayeza Kangapo?

Ku England, mlandu waukulu umagamulidwa ndi anthu wamba 12 amene amamvetsera umboni m'khoti. Iwo amamuona woimbidwa mlandu ngati wosalakwa mpaka umboni utakwana. Komabe angaphonye m'njira ziwiri: kumanga wosalakwa, kapena kumasula wolakwa. Akatswiri a masamu Jerzy Neyman ndi Egon Pearson anasonyeza mu 1933 kuti kuyeza kulikonse kuli ndi zophonya ziwiri zomwezi, ndipo ukalimbikira kuchepetsa chimodzi, chinacho chimakula. Kuyeza magazi kuchipatala kulinso chimodzimodzi.

Kupezeka nako pamene mulibe

Mlangizi amakubayani chala n'kudontheza magazi pa kachipangizo, ndipo pakatha mphindi 15 amawerenga mizere. Kachipangizo koyambaka, monga ka Determine, anakapanga kuti kasaphonye munthu amene ali ndi kachilombo, ndiye nthawi zina kamaloza ndi amene alibe. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limavomereza zipangizo zimene zimanena zoona pa anthu osachepera 98 mwa 100 alionse opanda HIV. Zikumveka bwino, koma tawerengani: pa anthu 1,000 opanda kachilombo, mpaka anthu 20 angaone mizere iwiri, chizindikiro choti ali nako. Kuuza munthu wotere kuti ayambe ma ARV a moyo wonse n'kumulakwira kwambiri, ndipo mabanja ena amasokonekera ndi uthenga woterewu.

N'chifukwa chake mizere iwiri ya poyamba siyokwanira. Amayezanso ndi kachipangizo ka mtundu wina, monga Uni-Gold. Mu 2019 WHO inalangiza mayiko kuti munthu aziuzidwa kuti ali ndi HIV pokhapokha zipangizo zitatu zosiyana zitagwirizana, komanso kuti aziyezedwanso asanayambe mankhwala. Zikasemphana, amakuuzani kuti mubwerenso pakatha masiku 14. Musaganize kuti akukubisirani kanthu. Umboni ndi umene sunakwane. Ngati mwadziyeza nokha kunyumba ndi OraQuick, kaja kopaka m'nkhama, n'kuona mizere iwiri, pitani kuchipatala akatsimikize musanagamule chilichonse.

Kusapezeka nako pamene muli nako

Ichi ndicho chimadetsa nkhawa kwambiri, poti munthu amabwerera kwawo mtima uli m'malo. Zipangizo zambiri zoyezera mwachangu sizifufuza kachilombo kenikeniko. Zimafufuza chitetezo chimene thupi limapanga polimbana nako, ndipo chitetezocho chingatenge mpaka miyezi itatu kuti chioneke. Amene watenga kachilombo masabata ochepa apitawo angapezeke wopanda, chonsecho nthawi imeneyi ndi pamene kachuluka m'magazi ndipo n'kosavuta kupatsira mnzake. Muuzeni mlangizi mosabisa tsiku limene munagonana mosadziteteza, kuti akupatseni tsiku loyenera kudzayezetsanso. Podikira tsikulo, gwiritsani ntchito kondomu.

Ngati sipanathe maola 72 kuchokera pamene munagonana mosadziteteza, kapena mwagwiriridwa, musadikire zoyezetsanso. Thamangirani kuchipatala mukapemphe PEP, mankhwala akumwa masiku 28 oteteza kuti kachilombo kasakhazikike m'thupi.

Makanda

Mwana wobadwa kwa mayi amene ali ndi HIV amakhala ndi chitetezo cha mayi ake m'magazi mpaka miyezi 18, choncho kachipangizo ka pachala kangamuloze ngakhale alibe kachilombo. Akakwanitsa masabata 6 amamutenga magazi okawayeza ku labotale, kumene amafufuza kachilombo kenikeniko. Popeza angathe kukatenga poyamwa, mupite nayenso kukayezetsa pa masiku onse amene alembedwa m'buku lake la kusikelo, mpaka atasiya kuyamwa.