Matayala awiri a Larson ndi matayala anayi a Hamlin

Pa 2 Novembala 2025, pabwalo la Phoenix Raceway mumzinda wa Avondale ku Arizona, m'dziko la America, Denny Hamlin anali patsogolo pa anzake onse kwa maulendo 208 ozungulira bwalolo, koma dzuwa likulowa chikho cha chaka chonse cha mipikisano ya magalimoto ya NASCAR chinali m'manja mwa Kyle Larson, yemwe sanatsogolepo ngakhale ulendo umodzi. Wopambana mpikisano wa tsikulo analinso wina, Ryan Blaney, ndipo Larson anamaliza wachitatu pomwe Hamlin anamaliza pa nambala 6. Munthu amene sanazolowere masewerawa akhoza kuganiza kuti panachitika chinyengo, koma zonse zinayenda motsatira malamulo, ndipo kuti timvetse tiyenera kuyang'ana zinthu ziwiri: dongosolo losankhira katswiri, ndi tayala.

Bungwe la NASCAR linakhazikitsidwa ndi Bill France Sr. mu 1948 ku Daytona Beach, Florida. Poyamba magalimoto ake anali omwewo ogulitsidwa kwa anthu wamba, koma a masiku ano amapangidwira mpikisano basi, ngakhale kunja kwake amaoneka ngati Chevrolet, Ford kapena Toyota. Pachaka pamakhala mipikisano 36 yowerengedwa mapointi, kuyambira Febuluwale mpaka Novembala, ndipo yambiri imachitikira m'mabwalo ooneka ngati dzira momwe dalaivala amangokhotera kumanzere.

Kale katswiri ankakhala amene wasonkhanitsa mapointi ochuluka chaka chonse. Mu 2003 Matt Kenseth anatenga chikho atapambana mpikisano umodzi wokha, ndipo nkhani inali itatha kale mpikisano womaliza usanachitike. Chaka chotsatira akuluakulu a NASCAR anasintha malamulo kuti chidwi cha oonera chisazilale kumapeto kwa nyengo. Mu 2014 anabweretsa dongosolo lochotsana. Pakatha mipikisano 26, madalaivala 16 ankalowa m'ndime yomaliza, ndipo pakatha mipikisano itatu iliyonse anayi ankagwa, kufikira atatsala anayi okha. Anayiwo ankafika pampikisano womaliza ali ndi mapointi ofanana, zonse za m'mbuyo zitafufutidwa, ndipo amene wamaliza patsogolo pa atatu anzakewo ndiye ankanyamula chikho. Madalaivala ena onse ankakhalanso pabwalo pomwepo kufuna kupambana mpikisano wawo, n'chifukwa chake Blaney anatha kupambana tsikulo koma osakhala katswiri. Mu 2025 anayiwo anali Hamlin, Larson, William Byron ndi Chase Briscoe.

Bwalo la Phoenix ndi lalitali makilomita 1.6, mpikisano wake ndi wa maulendo 312, ndipo makona ake sanapendekeke kwambiri, motero dalaivala amaponda mabuleki mwamphamvu kawiri paulendo uliwonse. Galimoto ikamakhotera kumanzere pa liwiro lotere, kulemera kwake kumatsamira ku matayala a kumanja, makamaka lakutsogolo, lomwe limalandiranso kutentha kochokera ku mabuleki. Amakaniko amakonda kuyamba ndi mpweya wochepa m'tayala chifukwa likatero limagwira bwino phula, ndipo mpweyawo umadzakwera wokha likatentha. Vuto ndi lakuti pa maulendo oyambirira m'mbali mwa tayala mumapindika mopitirira muyeso, ulusi wa m'kati umafooka, ndipo kuphulika kumadza pambuyo pake popanda chenjezo. Aliyense amene anagwirapo tayala longochotsedwa kumene pagalimoto yothamanga amadziwa mmene limakhalira: limawotcha dzanja, pamwamba pake pali pofewa ngati phula la njuchi, ndipo timiyala ndi tizidutswa ta labala tamatirira paliponse. Tsiku limenelo ku Phoenix matayala ambiri anaphulika, ndipo Larson yemwe linamuphulikira pakati pa mpikisano mpaka anatsalira ulendo wathunthu.

Kutatsala maulendo atatu, Hamlin ali patsogolo ndi mpata wabwino, tayala la Byron linaphulika ndipo galimoto yake inagunda khoma. Mbendera yachikasu inatuluka. Mbendera imeneyi ikakwezedwa magalimoto onse amachepetsa liwiro n'kundandalikana pambuyo pa galimoto yotsogolera, choncho mpata uliwonse umene dalaivala anauvutikira umatheratu. Malamulo amanenanso kuti ngozi ikachitika kumapeto chotere, mpikisano uwonjezeredwe kuti uthe ndi maulendo awiri othamanga.

Apa mpikisano unachoka m'manja mwa madalaivala n'kupita kwa akuluakulu a amakaniko, omwe amakhala pamwamba pa kansanja m'mbali mwa bwalo ndi wailesi kukhutu. Galimoto ikalowa posinthira matayala, anthu asanu amalumpha kakhoma: wa jeke, awiri omasula ndi kumanga, wonyamula matayala ndi wothira mafuta. Kuyambira 2022 gudumu lililonse limamangidwa ndi nati imodzi yapakati m'malo mwa zisanu, ndipo gulu laluso limasintha matayala anayi m'masekondi pafupifupi khumi. Kusintha awiri a kumanja okha kumafupikitsa nthawiyo ndi masekondi angapo chifukwa wa jeke sazunguliranso kupita mbali inayo, ndipo pamene magalimoto ambiri alowa nthawi imodzi, masekondi amenewo ndi malo angapo pamzere. Cliff Daniels wa gulu la Hendrick Motorsports anapatsa Larson awiri. Chris Gayle wa Joe Gibbs Racing anapatsa Hamlin anayi. Ena sanalowe n'komwe. Hamlin anatuluka ali kumbuyo kwa Larson, magalimoto angapo ali pakati pawo, ndipo maulendo awiri sanamukwanire kuti matayala atsopanowo amubwezere zimene anataya.

Ambiri anadzudzula Gayle, koma ine sindikuona kuti analakwa monga akunenera. Wotsogola ndiye amakhala pamavuto nthawi ngati imeneyi, chifukwa amasankha asanaone zimene anzake achite, pomwe a kumbuyo amangochita zosiyana naye. Akanapereka awiri, Larson akanatha kutenga anayi n'kumuthamangira ndi matayala ogwira bwino, ndipo lero tikanakhala tikumufunsa chifukwa chake anaumira matayala pa tsiku lomwe ankaphulika chotero. Daniels, amene galimoto yake sinali yothamanga kuposa ya Hamlin, analibe chotaya, ndipo anawerenga bwino kuti pa maulendo awiri malo pamzere amaposa labala watsopano.

Chomwe chimandivuta mumtima ndi dongosolo lomwe linaika ntchito ya miyezi isanu ndi inayi pa tayala la munthu wina, Byron. Mapeto ochititsa chidwi analipo kale lisanabwere. Mu 1992 ku Atlanta, Alan Kulwicki anaposa Bill Elliott ndi mapointi khumi okha chifukwa anatsogolera maulendo 103 pomwe Elliott anatsogolera 102, ndipo mapointi a chaka chonse anali akuwerengedwabe. Larson ndi dalaivala woyenera ulemu wonse, ndipo ichi chinali chikho chake chachiwiri pambuyo pa cha 2021, koma Hamlin, wa zaka 44, amene anali atapambana mipikisano 60 popanda chikho ngakhale chimodzi, anachita zonse zimene dalaivala angachite tsikulo.

NASCAR inalengeza kuti mpikisano womaliza wa 2026 ubwerera ku Homestead-Miami Speedway ku Florida, komwe unkachitikira kuyambira 2002 mpaka 2019. Bwalo limenelo ndi la makilomita 2.4, phula lake ndi lakale ndiponso lokhakhala moti limadya matayala mofulumira, ndipo dalaivala amatha kusankha kudutsa pansi, pakati kapena kukhudzana ndi khoma. Kumeneko amene wasintha matayala awiri okha sachedwa kupitiriridwa ndi amene wasintha anayi.