Mmene mabwato a atsikana anachulukira m'makoleji a ku America

Pa 3 Malichi 1976, atsikana 19 a timu yopalasa bwato ya pa Yunivesite ya Yale analowa mu ofesi ya mayi Joni Barnett, mkulu wa masewera a akazi, n'kuvula zovala zonse. Pachifuwa ndi pamsana anali atalembapo mawu akuti "Title IX".

Zinali zitawafika pakhosi. Ku Derby, m'mbali mwa mtsinje wa Housatonic komwe ankapalasa, kunalibe bafa la akazi. Akatuluka pamadzi nthawi yachisanu, ankakakhala m'basi ali chinyowere, mano akugundana, kudikira kuti anyamata amalize kusamba madzi otentha. Mmodzi wa iwo, Anne Warner, mpaka anadwala chibayo. Kaputeni wawo, Chris Ernst, ndiye anawerenga madandaulo, ndipo nkhaniyi itatuluka m'nyuzipepala ya New York Times, Yale inachita manyazi n'kuwakonzera posamba.

Lamulo limene analilemba pakhungulo linasainidwa ndi Pulezidenti Richard Nixon mu 1972. Limaletsa sukulu yolandira ndalama za boma kukondera pakati pa mwamuna ndi mkazi. Koma linayamba kuluma kwenikweni m'zaka za m'ma 1990, makamaka Yunivesite ya Brown itagonja pamlandu umene ophunzira aakazi anaisumira.

Apa m'pamene akuluakulu a masewera anayamba kuwerengetsa mitu, kuti malo a atsikana m'masewera asachepe kwambiri poyerekeza ndi a anyamata. Mpira wa ku America uja wa zipewa zolimba unkadya malo 85 a anyamata olipiriridwa fizi pasukulu imodzi. Nanga atsikana ochuluka chotero akawapeza kuti? Anawapeza m'bwato. Bwato limodzi limanyamula opalasa 8 ndi wowongolera, ndipo bungwe loyang'anira masewera a m'makoleji la NCAA linkalola malo 20 olipiriridwa fizi patimu ya atsikana. Mu 1997 linayambitsa mpikisano wawo wa dziko lonse, Yunivesite ya Washington n'kupambana. Amuna opalasa alibe mpikisano wotere pansi pa NCAA mpaka lero.

Makochi anayamba kusaka atsikana ataliatali pakati pa ophunzira atsopano, ena oti nkhafi sanaigwirepo chibadwire. Mtsikana wotere amadzuka kusanache, amapalasa mpaka manja kuchita matuza, kenako n'kuthamangira m'kalasi tsitsi lisanaume. Ena afika nazo ku Olimpiki, ndipo ine ndimawavulira chipewa.

Chimene chimandiwawa n'chakuti sukulu zina zinaona bwato ngati pobisalira. Zinkalemba mayina ambirimbiri kuti chiwerengero chioneke bwino kuboma, pamene ena mwa atsikanawo sanapalasepo pampikisano ngakhale umodzi. Ukochi nawo utayamba kukhala ndi malipiro abwino, amuna anaulowerera. Mu 1972, m'masewera onse a m'makoleji, matimu a akazi oposa 90 pa 100 alionse ankaphunzitsidwa ndi akazi anzawo, koma patapita zaka 40 sankafika n'komwe theka.