Mkulu wa nkhonya akamasunga zibakera si mantha

Pa 2 May 2015 Floyd Mayweather ndi Manny Pacquiao anakumana ku Las Vegas, nkhondo imene anthu anaidikira kwa zaka zoposa zisanu. Itatha, madandaulo anali ponseponse. Ena amati aberedwa tulo, ena amati Mayweather anangobwera kudzathamanga m'bwalo. Koma majaji atatu onse anapereka chipambano kwa iye, mmodzi 118-110, awiri 116-112. Anali ndi zaka 38, atamenya nkhondo 47 osagonjapo, ndipo usiku umenewo anachita ndendende zimene mphunzitsi aliyense wodziwa ntchito yake akanamuuza kuchita.

Ine ndimaphunzitsa nkhonya, ndipo funso limene ndimalimva kawirikawiri kwa oonera ndi lakuti, munthu wodziwa kumenya chonchija, bwanji sangolowa n'kumaliza mnzake? Yankho lake lili m'malamulo a masewerawa, m'thupi la munthu amene akukula, komanso m'zimene munthuyo anakumana nazo kale.

Tiyambe ndi malamulo, chifukwa ambiri amaonera nkhonya osadziwa mmene majaji amalembera. Nkhondo yolimbirana lamba wa dziko lonse ya amuna imakhala ya maraundi 12, iliyonse mphindi zitatu, n'kupuma mphindi imodzi pakati. Majaji saweruza nkhondo yonse pamodzi ayi. Raundi iliyonse amaiweruza payokha, wopambana amam'patsa 10, mnzakeyo 9. Wina akagwetsedwa m'pamene zimakhala 10-8. Ndiye taonani: amene wapambana raundi mwa kukhetsa mnzake magazi popanda kum'gwetsa, ndi amene waipambana ndi tizibakera tisanu tofika bwino, nthawi zambiri onse amalemberedwa 10-9. Munthu akatenga maraundi asanu ndi awiri mwa khumi ndi awiri, osagwetsedwa kapena kuchotseredwa pointi, wapambana 115-113. Ndipo akafanana mphamvu, lamba sachoka m'chiuno mwa mwini wake. Wobwera kudzalanda ndiye ali ndi ntchito yoti aonetse kanthu. Mwini lamba akungofunika kuti asataye.

Wachinyamata amadziwanso malamulowa, koma magazi amam'tentha, akufuna dzina, akufuna anthu amutchule mawa. Wamkulu dzina ali nalo kale. Chimene akusowa ndi thupi la zaka khumi zapitazo.

Anthu amaganiza kuti munthu akamakula mphamvu ya chibakera ndi imene imayamba kutha. Si choncho. Mphamvu imachedwa kuchoka. George Foreman anali ndi zaka 45 pamene anagwetsa Michael Moorer ndi dzanja lamanja mu raundi ya 10 mu November 1994, n'kutenga lamba, pomwe pa mapointi anali kumbuyo. Zimene zimayamba kuthawa ndi miyendo ndi changu. Diso limaona mpata bwinobwino, mwina kuposa kale, koma dzanja limafika mpata utatsekeka. Diso limaona chibakera chikubwera, koma khosi limachedwa pang'ono kusuntha mutu, ndipo kuchedwa pang'onoko n'kokwanira. Kenako pali mpweya. Mnyamata wa zaka 24 akhoza kuponya zibakera zambirimbiri mu raundi, akakhala pampando mphindi imodzi ija n'kudzuka ngati sanayambe. Wa zaka 38 akachita zomwezo mu raundi yachitatu amakalipira mu raundi ya 9, miyendo ikulemera, manja akutsika okha. Choncho amagawa mphamvu zake mwadala. Raundi ina amaileka ipite kuti apume, ina amadikira masekondi makumi atatu omaliza n'kuponya zibakera zooneka bwino kuti zikhale m'maso mwa majaji pamene akulemba. Galu wamkota sakandira pachabe.

Palinso mabala akale amene oonera sawaona. Mafupa a m'dzanja ndi ang'onoang'ono, sanapangidwe kuti azimenya chigaza cha munthu kwa zaka makumi awiri. Mayweather anavutika ndi manja kwa nthawi yaitali, ndipo munthu wotere sangaponye chibakera chilichonse ndi mphamvu zonse, chifukwa chikafikira pamphumi m'malo mwa pachibwano, dzanja latha nkhondo isanafike pakati. Khungu la pamwamba pa diso limene linasokedwapo kale silichedwanso kung'ambika, ndipo dokotala akaona kuti magazi akutseka diso amaimitsa nkhondo, ngakhale wovulalayo akhale kuti akutsogola.

Koma chachikulu ndi ichi. Chibakera chilichonse chimene waponya chimatsegula malo pathupi lako. Dzanja lamanja likapita kutsogolo, tsaya lamanja latsala lopanda mlonda mpaka dzanjalo litabwerera. Ukaponya zinayi motsatizana waima pamalo amodzi nthawi yokwanira kuti mnzako akuwerenge. Ndipo chibwano sichilimba ndi majimu. Mimba umailimbitsa, khosi umalilimbitsa, koma ubongo ukagwedezeka mwamphamvu nthawi zina subwerera mwakale, ndipo amene anakomokapo m'bwalo amadziwa chinthu chimene wosakomokapo sachidziwa. Masewerawa amapha. Maraundi anali 15 kale. Anawatsitsa kufika 12 pambuyo pa imfa ya Kim Duk-koo wa ku South Korea, amene anagwa mu raundi ya 14 pomenyana ndi Ray Mancini mu November 1982, n'kumwalira patangopita masiku ochepa.

Palibe amene moyo wake ukuonetsa zonsezi kuposa Wladimir Klitschko wa ku Ukraine. Ali mnyamata anali chilombo: wamtali pafupifupi mamita awiri, mendulo ya golide ya Olympics ya ku Atlanta mu 1996 ili m'thumba, akugwetsa anthu ngati palibe mawa. Mu March 2003 ku Hannover anakumana ndi Corrie Sanders wa ku South Africa, wamanzere, amene ambiri ankamuona ngati watha. Sanders anam'gwetsa kanayi, nkhondo n'kuthera mu raundi yachiwiri. Patatha chaka, mu April 2004, Klitschko anamenya Lamon Brewster mosamusiyira mpata kwa maraundi anayi, mpweya n'kumuthera, raundi yachisanu n'kukhala yomaliza. Anthu anati alibe chibwano chopirira zibakera, alibe mtima, angosiya.

Amene anam'konza ndi Emanuel Steward, mphunzitsi wa ku Kronk Gym ku Detroit. Sanam'patse chibwano chatsopano, chifukwa palibe amene angapereke. Anam'phunzitsa kumenya mwa njira yoti chibwanocho chisamafikidwe. Mukaonera nkhondo za Klitschko za m'zaka zotsatira, yang'anani dzanja lake lamanzere. Limakhala lotambasuka patsogolo, nthawi zina likungogunda magolovesi a mnzake, likuyeza mtunda. Kenako jab, chibakera chowongoka cha dzanja lakutsogololo, chimatuluka n'kufika pamphuno. Thupi latsamira mwendo wakumbuyo, mutu uli kutali. Mnzake akayesa kulowa, amabwerera sitepe imodzi. Akalowabe mpaka pafupi, pamene wamfupi amakhala ndi mwayi, Klitschko amam'kola manja n'kumutsamira pakhosi ndi makilogalamu ake oposa 100, mpaka refu abwere kudzawalekanitsa. Akalekana, mtunda wabwereranso, jab yayambanso. Dzanja lamanja limadikira mpaka mnzakeyo atatopa ndi kunyamula munthu, maso atatupa.

Mayeso enieni anabwera mu September 2005 pamene Samuel Peter wa ku Nigeria anam'gwetsa katatu. Klitschko wakale akanasokonezeka. Uyu anadzuka, anakola, anabwerera ku jab, napambana 114-111 kwa majaji onse atatu. Taganizirani masamu ake: munthu wagwa katatu koma wapambana, chifukwa pafupifupi raundi iliyonse imene sanagwe anaitenga. Mu April 2006 analanda lamba wa dziko lonse wa bungwe la nkhonya la IBF kwa Chris Byrd, ndipo anakhala katswiri kwa zaka zoposa zisanu ndi zinayi, kuuteteza ka 18 motsatizana.

Sindinganene kuti zinali zosangalatsa kuonera nthawi zonse. Nkhondo yake ndi Sultan Ibragimov ku Madison Square Garden mu 2008 anthu anaikuwiza. Ya Alexander Povetkin ku Moscow mu October 2013 inali yokolanakolana mpaka kunyansa, ndipo ine ndimaona kuti refu anam'lekerera kwambiri, ngakhale anam'chotsera pointi cha kumapeto. Kukola kopitirira muyezo n'kuphwanya lamulo, ndipo sindikuikira kumbuyo. Wolipira tikiti ali ndi ufulu wodandaula. Chimene ndikukana ndi mawu akuti mantha. Munthu amene anagwetsedwa n'kugonja pamaso pa dziko lonse n'kubwereranso kukaima patsogolo pa amuna olemera makilogalamu 100 kwa zaka zina khumi ndi zitatu si wamantha.

Bernard Hopkins anatenga njira yomweyi n'kupita nayo patali kuposa aliyense. Anapambana lamba wa dziko lonse ali ndi zaka 46 pogonjetsa Jean Pascal mu 2011, n'kudzachitanso ali ndi 48. Luso lake linali lochepetsa liwiro la nkhondo: amanamizira kuponya kuti mnyamata aime, amasuntha pang'ono kuti mnyamatayo ayambirenso kukonza miyendo, amaponya chimodzi n'kulowa pachifuwa. Raundi imatha mnyamata ataponya theka la zimene amaponya masiku onse.

Tsono pali malire, ndipo apa m'pamene ndimasiyana ndi anzanga ena amene amayamikira kusamala kulikonse. Kusamala kumagwira ntchito pokhapokha ukupambana maraundi. Ukasiya kuponya, majaji alibe choti akulembere. Oscar De La Hoya anaziona mu September 1999: poganiza kuti watsogola mokwanira, anathera maraundi omaliza akuzungulira kuthawa Felix Trinidad, majaji n'kupereka nkhondo kwa Trinidad. Nthawi zambiri wankhonya sadziwa zenizeni zimene zili pamapepala a majaji, ndipo kuteteza chipambano chimene ukungochiganizira n'koopsa.

Klitschko naye zinam'peza pa 28 November 2015 ku Düsseldorf. Tyson Fury anali wamtali kumuposa, wa manja aatali kumuposa, wosakhazikika pamalo amodzi, akusinthasintha mwendo wotsogola. Njira yonse ya Klitschko inamangidwa pa kukhala kutali ndi anthu aafupi, ndipo usiku umenewo iye ndiye anali wamfupi, woyenera kulowa mkati. Sanalowe. Dzanja lamanja linakhala lokonzeka raundi ndi raundi, kudikira mpata woyera umene sunabwere. Makina owerengera zibakera anaonetsa kuti anafikitsa 52 zokha m'maraundi 12. Anadzidzimuka mu raundi yomaliza, nthawi itatha kale. Majaji analemba 115-112, 115-112 ndi 116-111, malamba n'kupita. Anali ndi zaka 39, ndipo Steward, munthu yekhayo amene mwina akanam'kalipira pakona mpaka kumva, anali atamwalira mu 2012. Chizolowezi chimene chinam'sunga zaka zonsezo chinali chitalowa m'mafupa moti sakanatha kuchivula usiku umodzi.

Ndiye mukamaonera wamkulu akumenya mosamala, musayang'ane ngati akupita kutsogolo kapena kumbuyo. Yang'anani amene akusankha mtunda, ndi amene chibakera chake chikufika. Wobwerera m'mbuyo koma jab yake ikudzutsa mutu wa mnzake ndiye akulamulira nkhondo. Wobwerera m'mbuyo manja ali phee pankhope, akungodikira belu, ameneyo zamuvuta.

Nkhondo yomaliza ya Klitschko ndi imene timatsutsanabe ife ophunzitsa tikakumana. Pa 29 April 2017 ku Wembley, pamaso pa anthu 90,000, ali ndi zaka 41, anakumana ndi Anthony Joshua wa zaka 27. Joshua anam'gwetsa mu raundi yachisanu, koma anadzitopetsa pofuna kumaliza. Mu raundi yachisanu ndi chimodzi dzanja lamanja la Klitschko linafika, Joshua n'kugwa koyamba m'moyo wake wa nkhonya zolipidwa. Anadzuka miyendo ikunjenjemera, pakamwa pali yasa. Klitschko sanam'thamangire mwakhungu. Anabwerera ku jab, mwina poganiza kuti mnyamatayo mpweya wamuthera ndipo agwa yekha m'maraundi akutsogolo. Maganizowo sanali opusa, chifukwa iye mwini zinam'chitikira choncho ndi Brewster, ndipo naye anali atangodzuka pansi raundi yapitayo. Koma wa zaka 27 amachira msanga. Joshua anapeza maraundi atatu opumira, mphamvu n'kubwerera, ndipo mu raundi ya 11 anam'gwetsa kawiri mpaka refu analowa pakati. Ndikanakhala pakona ya Klitschko pamapeto pa raundi yachisanu ndi chimodzi, ndikanamuuza kuti aponye zonse mu yachisanu ndi chiwiri, chifukwa pa zaka 41 nthawi inali kumbali ya mnzakeyo. Klitschko analengeza zosiya nkhonya mu August chaka chomwecho, atapambana nkhondo 64 n'kugonja zisanu.